Masamba Opanda Maliro pa Mtsetse wa Kaphala

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA CHITUKUKO YA MUDZI WA KAPHALA

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Kalasi ya Sitandade 6, sukulu ya pulaimale ya Kaphala
Nthawi yoyambira: 2:35 masana (tinaitanidwa 1 koloko)

Amene analipo:
Bambo Bartholomew Zikhalo, wapampando
Kettie Kanyerere, mlembi
Mayi Dorika Mlongoti, membala
Mayi Falesi Chapola, membala
Bambo Benedict Nthala, membala, akatekisiti
Kingsley Msosa, woimira anyamata a kabaza

Woitanidwa: Bambo Ackim Gwirize, mkulu wa adzukulu

Opepesa: Bambo Collins Mtalika, wachiwiri kwa wapampando. Anatumiza mawu akuti mwendo watupa. M'mawa anaoneka pa msika wa Mayani akuyesa nsapato.

Osapepesa: Mayi Magadalena Dzoole.

1. KUTSEGULA

1.1 A Nthala anatsegula ndi pemphero. Wapampando analamula kuti mafoni onse azimitsidwe. Mayi Mlongoti anapempha kuti yawo ikhale yoyaka, popeza atate awo, a Alufeo, ali gone m'chipatala ku Boma kuyambira Lachitatu. Wapampando anati lamulo ndi lamulo. Foni inazimitsidwa.

1.2 Kunja kunali nkhungu ndipo m'kalasimo munkazizira kwambiri. Ngakhale zinali choncho, benchi limene anakhalapo Mayi Mlongoti silinapeze munthu wachiwiri. Mamembala anathinana pa benchi la kukhomo.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWO

2.1 Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Mlembi anati zolembedwa za mwezi wa Epulo zili ndi malo amodzi operewera. Wapampando anati za Epulo zinapita ndi Epulo.

3. KALATA YA KU KHONSOLO

3.1 Mlembi anawerenga yankho la pempho lathu la mahampu ochepetsa liwiro la magalimoto pa mtsetse. Kalatayo ikuti mudzi usakumbe ngalande kapena kuunjika dothi pamsewu paokha, chifukwa zoterezi nazonso zimagwetsa anthu. Odziwa za misewu adzabwera kudzaona malowo, ndipo tsiku lake tidzauzidwa. Komiti inalandira kalatayo.

3.2 Kalata yomweyo ikupempha komiti kuti isankhe malo opakilirapo kachewere kutali ndi geti la sukulu, chifukwa lole ikaima pamenepo mwana saona chimene chikutsika kumtunda. Wapampando anati malole amaima pamenepo chifukwa matumba ndi olemera. Ziyenera kulembedwa kuti khomo loyang'anizana ndi geti la sukulu ndi la wapampando, ndipo matumbawo ndi awo. Nkhaniyi inaimitsidwa. Aka ndi kachinayi.

4. NKHANI YA MASAMBA PAMSEWU

4.1 Popeza zolembedwazi zikawerengedwanso ndi anthu osadziwa kuno, mlembi akulongosola mwachidule. Msewu wochokera ku Mayani umatsika mtsetse pakati pa mudzi. Nyumba zambiri zili mbali imodzi, pamene sukulu, tchalitchi ndi manda zili tsidya lina. Nyengo ino ya kachewere malole amatsika atadzaza, ndipo oyendetsa ena amazimitsa injini kuti asunge mafuta, moti munthu amamva loleyo itafika kale. Mu Malichi njinga yamoto inagunda Sophie, mwana wa Mayi Mlongoti, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mwendo unathyoka ndipo mpaka lero amatsimphina.

4.2 Sukulu zitatsegulira mu Epulo, m'mawa uliwonse wa sukulu pamsewu pankapezeka masamba, kumtunda ndi kumunsi, monga timachitira pakagwa maliro. Ana akatha kuwoloka masambawo ankachotsedwa. Malole ankayenda ngati akuponda mazira, a njinga ankatsika, mawailesi ankazimitsidwa, zipewa zinkavulidwa. Masabata asanu anatha popanda mwana wokhudzidwa. Pa nthawi imeneyo palibe membala amene anabweretsa dandaulo kwa mlembi.

4.3 Wapampando anapereka mwayi kwa a Gwirize. Iwo anakumbutsa komiti za pa 31 Meyi, pa maliro a malemu Ephraim. Adzukulu anaika masamba monga mwa mwambo. Bokosi lili pakati pa msewu, lole inatulukira mu nkhungu osachepetsa liwiro. Onyamula anathawira m'ngalande ndi bokosi lomwe, chivundikiro chinatseguka, ndipo mdzukulu mmodzi anathyoka mkono. Wothandizira dalaivala anakuwa ali pamwamba pa matumba kuti, "Masamba a ana asukulu amenewo!"

4.4 A Gwirize anapempha kuti mawu awo alembedwe monga awayankhulira. Anati: "Masamba ndi pakamwa pa mudzi. Amauza mlendo kuti ponda pang'onopang'ono, pano tikulira. Inu mwaphunzitsa msewu kuti anthu a Kaphala amalira zabodza. Ine ndanyamula maliro zaka makumi atatu, sindinatulepo munthu m'ngalande. A Ephraim ndinawatola ndi manja anga awa, matope ali kumaso, akazi awo akuona."

4.5 Kenaka analengeza chigamulo chimene adzukulu anagwirizana atakumana kumanda. Banja la munthu amene ankaika masambawo silidzakumbiridwa manda, silidzanyamuliridwa bokosi, silidzaikiridwa masamba. Anati: "Anazolowera kudziikira okha. Adzakumbenso okha." Wapampando anati komiti yamva chisoni, ndipo aliyense akudziwa kuti ankaika masambawo ndi Mayi Mlongoti.

4.6 Mayi Chapola anati iwo ngozi ya lole siwaopsa kwenikweni, chowasowetsa tulo ndi china. Anawerenga pa zala anthu atatu amene amwalira chiyambire masambawo. Anati: "Mumaitana mlendo m'mawa uliwonse, ndiye lero mukudabwa kuti wafika? Masamba a kumunsi ankagonekedwa pa khomo langa penipeni. Abambo akunyumba ayamba kutsokomola. Akandisiya ndidzafunsa ndani?" Polankhula sanayang'ane kumene kunali Mayi Mlongoti.

4.7 A Nthala anati Mkhristu sayenera kukhulupirira kuti tsamba la bulugama lingaitane imfa, ndipo chaka chatha mwezi ngati uno tinaika anthu anayi popanda tsamba lililonse. Kingsley anafunsa chifukwa chimene akatekisiti, chiyambire Meyi, amazungulira kudimba popita ku tchalitchi m'malo modumpha masambawo. A Nthala anati kudimba kuli njira yachidule. Onse amene tinalipo tikudziwa kutalika kwake.

4.8 Mayi Mlongoti anavomera ataimirira. Anati: "Ndine ndinkaika, sindikana. Ndinkathyola bulugama kuseri kwa tchalitchi, zala zitauma ndi chisanu, enanu muli m'mabulangete. Ana anu ankawoloka pa masamba omwewo. Mayi Chapola, zidzukulu zanu ziwiri ndinkazigwira dzanja ndine. Za a Ephraim zimandiwawa, sindidya bwino mpaka lero. Koma nzeru imeneyi sindinailote ndekha. Atate anga ali pa mpweya ku Boma. Mukati simukumba, mukundiuza kuti ndikawasiye kuti?"

4.9 Wapampando anati komiti sinakambepo za masamba, ndipo amene akukayika aone m'buku. Apa mlembi anapempha kuwerenga. Pa msonkhano wa pa 12 Epulo, wapampando ndi amene anayambitsa ganizo la masamba, nati, "Kettie, ika cholembera pansi, izi si zolemba." Mlembi anaika cholembera pansi monga anauzidwira, ndipo analemba ndi pensulo kumapeto kwa buku. Tsambalo linaonetsedwa kwa a Gwirize. Likusonyeza kuti manja anakwezedwa asanu ndi atatu mwa asanu ndi atatu, kuti Mayi Mlongoti anasankhidwa chifukwa nyumba yawo ili pafupi, ndiponso kuti Mayi Chapola anabwereketsa chikwanje.

4.10 Wapampando anati tsiku limenelo ankangocheza. Anatinso mlembi ndi mwana wadzulodzuloli, Fomu 4 yamulowa m'mutu, ndipo pa ukulu wawo sangatsutsane ndi pensulo. Mlembi anafunsa ngati mawu amenewa alembedwe ndi cholembera kapena ndi pensulo. Alembedwa ndi cholembera.

4.11 A Gwirize anafunsa kuti anauza oyendetsa malole ndani kuti masambawo ndi abodza, popeza masabata asanu ankawalemekeza. Kingsley anati: "Madala, pepani, koma ine ndinalipo, ndinkadikira pasenjala pa geti. Wogula kachewere uja wa jekete lachikopa anavula chipewa, akuti, 'Pepani ndi zovuta, a Zikhalo. Koma mudzi uno mukutha, tsiku ndi tsiku maliro. Si kolera imeneyi? Ine mawa ndikagula kwina.' Inu munaseka, mukuti, 'Palibe wafa, achimwene, ndi nzeru za amayi a sukulu. Pakirani.' Sabata yomweyo nkhani inafika pa siteji yathu, mpaka kwa a minibasi ku Boma."

4.12 Wapampando anati sakukumbukira jekete lachikopa.

5. ZIMENE ZINADULA NKHANI

5.1 Nthawi ili 4:05 foni ya Kingsley inalira m'thumba, chifukwa iye sanazimitse. Wapampando asanamudzudzule, Kingsley anaika foniyo poti tonse timve. Anali mnzake wa kabaza, akufunsa kuti, "Aise, masamba ali pa mtsetsewa ndi enieni kapena ndi a komiti?"

5.2 Linali Loweruka, tsiku lopanda sukulu. Mayi Mlongoti anali m'kalasi. A Gwirize, amene amatuma anyamata kukaika masamba enieni, analinso m'kalasi, ndipo anati sanatume munthu. Palibe amene anasuntha. Tili chomwecho lole inatsika mtsetse, ndipo tinaimva kuti sinachepetse liwiro. Mayi Chapola anatchula dzina la amuna awo, nathamangira kukhomo, koma atagwira chitseko anaima osatsegula. A Nthala anayamba Tikuoneni Maria n'kulekera pakati. Aliyense ankawerenga mumtima odwala a kwawo. Mlembi nayenso ali ndi mayi.

5.3 Wapampando analola kuti mafoni ayatsidwe. Ya Mayi Mlongoti inasonyeza kuti mlongo wawo, a Kizito, amene akudwazika ku Boma, anaimba kakhumi ndi kamodzi. Anapatsa mlembi foniyo kuti awerenge uthenga. Unati: "Atate atisiya. Amfumu auzidwa. Anyamata a adzukulu akana kuika masamba, aika ndi alamu. Thupi tibwera nalo mawa m'mawa. Yatsa foni." A Alufeo anamwalira 2:50, pamene mlembi ankawerenga kalata ya mahampu.

5.4 Mayi Mlongoti sanalire mokweza. Anapita pamene anakhala a Gwirize n'kugwada pa simenti, chinthu chimene sanachitire munthu aliyense masana onsewo. Anati: "Agogo, atate munkaweta nawo mbuzi ku Chongoni. Iwo sanathyole tsamba ngakhale limodzi. Ine ndikadzafa mudzanditaye kuthengo, ndavomera. Koma atate ayi."

5.5 A Gwirize anaika chipewa pa bondo. Kenaka anati chigamulo si chawo okha, sangachifafanize chifukwa cha chisoni. Anati: "Adzukulu angathe kukana nyumba imodzi. Mudzi wonse sangaukane, chifukwa nafenso tigona momwemo. Ngati masamba anali a mwana uyu yekha, chigamulo chili pomwepo, a Kizito akabwereke makasu. Ngati anali a komiti, ndiye mlandu wa mudzi, tiika maliro kaye, tidzakamba pambuyo. Koma sindinyamula pensulo kupita nayo kwa anzanga. Ndikufuna maina, munthu aliyense anene ndi pakamwa pake, ndipo mutu wa komiti ukhalepo."

5.6 A Nthala anafunsa chimene chidzachitike kwa olembedwawo mlandu ukadzakambidwa. A Gwirize anati sangalonjeze. Anzawo akadzauma mtima, chigamulo chimene chili pa nyumba imodzi lero chingathe kudzagwera nyumba zonse zolembedwa.

6. KUTCHULA MAINA

6.1 Kingsley Msosa anati: "Lembani. Dzanja ndinakweza, ndipo amene anagunda Sophie ndi wa siteji yathu."

6.2 Kettie Kanyerere anavomera.

6.3 A Nthala anayang'ana pansi, anafunsa ngati akatekisiti amawerengedwa ngati membala wathunthu, anauzidwa kuti pa Epulo anawerengedwa, ndipo anavomera.

6.4 Mayi Chapola anati chikwanje anabwereketsadi, koma sanadziwe chimene chikadulidwe nacho. Anati ali ndi wodwala m'nyumba, sangaike dzina lake pa pepala la anthu osakumbiridwa. Analira. Mayi Mlongoti, ali chigwadire, anati, "Asiyeni, ndikuwamvetsa." Mlembi walemba mawu amenewa chifukwa ananenedwa.

6.5 Wapampando anafunsa ngati sikungalembedwe kuti "komiti" popanda maina. A Gwirize anati komiti ilibe khomo loti munthu n'kukagogoda. Wapampando anapempha kuti apatsidwe mpaka Lolemba kuti afunse kunyumba. A Gwirize anati maliro sadikira Lolemba, ndipo anavala chipewa n'kuimirira. A Gwirize atafika pa bolodi, wapampando ananena kanthu kotsika. Mlembi anati sanamve. Wapampando anabwereza. Kingsley anati nayenso sanamve, mwina ndi mphepo. Kachitatu wapampando anati: "Ganizo linali langa. Wa jekete ndinamuuza ndine. Lembani Zikhalo."

6.6 Maina anayi, ndi la Mayi Mlongoti lachisanu, anakoperedwa pa pepala lina ndi kuperekedwa kwa a Gwirize. Iwo anadzutsa Mayi Mlongoti pogwira chigongono, nati ndi pepala limeneli makasu atuluka mawa m'mamawa, ndipo a Alufeo agona pafupi ndi akazi awo. Apa ndi pamene Mayi Mlongoti analira. A Nthala anawaperekeza mpaka pakhonde.

7. KAWOLOTSEDWE KA BOKOSI

7.1 A Gwirize anati kukumba akumba, koma palibe mdzukulu amene aponde msewu ndi bokosi podalira masamba. Anakumbutsa kuti mawa ndi Lamulungu, tsiku limene malole amatsika ambiri pothamangira misika ya Lolemba m'tauni. Anati: "Masamba munawapha ndinu. Mawa muime inuyo m'malo mwake."

7.2 Zogwirizana: bokosi lisanachoke pa siwa, olembedwa maina, kupatula ofedwa, adzaima pakati pa msewu, osati m'mbali. A Nthala adzaima kumunsi. Kingsley ndi mlembi adzaima pa geti la sukulu. Wapampando adzaima kumtunda kwenikweni, pokhotera, pamene lole imayambira kuthamanga, popeza oyendetsa amawadziwa nkhope ndipo mawu awo amawakhulupirira. Palibe wochoka pamalo pake mpaka munthu womaliza atawoloka.

7.3 Wapampando anati nkhungu ikakhala ngati ya lero, dalaivala sangaone munthu kufikira atamuyandikira, ndipo lole yozimitsa injini mabuleki ake sakhulupirika. Anafunsa kuti, "Nanga ikapanda kuima?" A Gwirize anati: "Makasu adzakhala ali kale kumanda, a Zikhalo. Ndipo dzina lanu tsopano ndili nalo m'thumba, sitidzavutika kufunsa."

7.4 Palibe amene anaseka. Kingsley anati abweretsa majekete owala awiri a kabaza. Oima pamsewu ndi anayi. Nkhani ya amene avale sinathe.

8. ZINA NDI ZINA

8.1 Zinagwirizanidwa kuti masamba asadzaikidwenso pamsewu popanda maliro.

8.2 Kingsley anafunsa mmene ana awolokere Lolemba, popeza masamba aletsedwa ndipo mahampu sanabwere. Wapampando anati tione kaye ngati Lolemba tilipo.

8.3 Potuluka, Mayi Chapola ananong'oneza mlembi kuti mawa zinthu zikayenda bwino, dzina lawo likhoza kuwonjezedwa mwakachetechete. Mlembi anawauza kuti pepala lapita kale, koma pamsewu malo alipo.

9. MSONKHANO WOTSATIRA

Loweruka, 12 Julayi 2025, 1 koloko masana, m'kalasi yomweyi. Mamembala amene miyendo yawo imatupa masiku a msonkhano akudziwitsidwa kuti tsamba la pensulo lili ndi maina asanu ndi atatu, ndipo a Gwirize aliwerenga lonse.

10. KUTSEKA

Pemphero lotsekera silinachitike, chifukwa kulira kunali kutayamba kale kwa a Mlongoti. Msonkhano unatha 5:10 madzulo. Tonse tinawoloka msewu pamodzi kupita ku siwa, titaima kaye kumvetsera kumtunda.

Wapampando: B. Zikhalo (asaina lero lomwe pa pempho la mlembi, osadikira mawa)

Mlembi: Kettie Kanyerere